Zenera la diso likasinthidwa, ndi njira iti imene imaonetsa bwino?

Tsiku limenelo ndinali pa mutu wa malenzi ndi a Fomu 4. Belu la buleki litalira, onse anathamangira kukagula zitumbuwa, koma mtsikana mmodzi anatsalira. M'manja mwake munali kapepala kolembedwa mawu anayi achidule: PK, DALK, DSAEK, DMEK.

"Aphunzitsi, achimwene anga akuti akufunika opaleshoni yosintha cornea. Adokotala atchula njira ziwiri, PK ndi DALK. Koma ine ndawerenga pa intaneti kuti yoonetsa bwino kwambiri ndi DMEK. Nanga bwanji sanaitchule? Kapena poti ndife osauka?"

Ndinamuuza kuti ine si dokotala wa maso, koma andipatse sabata imodzi ndikawerenge. Nditawerenga ndinapeza kuti mbali yaikulu ya yankho lake ili mu physics yomweyi imene timalimbana nayo m'kalasi. Ndiye ndati ndilembe pano kuti nonse mupindule.

Lenzi yamphamvu ili panja

Cornea ndi kachikopa koonekera bwino kamene kali kutsogolo kwa diso, kophimba mwana wa diso ndi kabwalo kakuda komuzungulira. Ndi zenera la diso. M'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 12, ndipo pakati pake m'pokhuthala theka la milimita basi.

Ambiri mukafunsidwa chimene chimakhotetsa kuwala m'diso mumathamangira kuyankha kuti lenzi. Mayeso mukhoza kukhoza nalo yankho limenelo, koma ndi loperewera. Mphamvu yonse ya diso ndi ma dioptre pafupifupi 60, ndipo 43 mwa amenewa ndi a cornea. Lenzi yam'kati imangothandizira ndi kusintha pang'ono kuti tione pafupi kapena patali.

Tiyeni tiwerengere. Kuwala kukamachoka m'chinthu china kulowa m'china pamalo okhota, mphamvu yake timaipeza chonchi: P = (n2 − n1) ÷ r. Apa n ndi refractive index, ndipo r ndi radius ya kukhotako, mu mamita.

Kutsogolo kwa cornea, kuwala kumachoka mu mpweya, wa index 1.000, kulowa mu cornea, ya index 1.376. Radius yake ndi pafupifupi mamilimita 7.7. Ndiye 0.376 ÷ 0.0077 akutipatsa ma dioptre pafupifupi 49.

Kumbuyo kwake, kuwala kumachoka mu cornea kulowa m'madzi a m'diso, a index 1.336. Kusiyana kwake ndi 0.040 chabe, ndipo radius ndi pafupifupi mamilimita 6.8. Tikupeza −6. Phatikizani: 49 − 6 = 43.

Amene munasambirapo m'nyanja mutatsegula maso mukudziwa kale zimenezi. Zonse zimaoneka mbuu. Chifukwa chake n'choti madzi ali ndi index 1.33, pafupi kwambiri ndi ya cornea, ndiye mphamvu ya kutsogolo ija imagwa kuchoka pa 49 kufika pafupifupi 6. Mukavala magalasi osambirira, mwabwezera mpweya patsogolo pa diso, ndipo mumayambanso kuona.

Sungani mfundo iyi, tiifuna kutsogoloku: nkhope ya kutsogolo ya cornea ndiyo imagwira ntchito yaikulu, ya kumbuyo imagwira yochepa.

Nanga imaonekera bwanji?

Khungu silionekera, choyera cha diso sichionekera, koma cornea imaonekera, ngakhale nayonso ndi mnofu wamoyo. Kuti timvetse, tiigawe patatu.

Pamwamba pali maselo a epithelium, amene akapalika amameranso m'masiku ochepa. Pakati pali stroma, gawo lokhuthala lotenga pafupifupi 90 pa 100 ya cornea yonse. Lili ndi timaulusi ta collagen tating'ono kwambiri kuposa wavelength ya kuwala, toyalidwa motalikirana mofanana ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino. Mu 1957 wasayansi David Maurice anafotokoza kuti dongosolo limeneli ndilo limachititsa kuti kuwala kudutse osamwazika. Dongosololi likasokonekera, cornea imachita mbuu. Ganizirani madzimadzi a dzira laliwisi: amaonekera. Mukaliphika amayera, koma simunathiremo kanthu. Mwangosokoneza kayalidwe ka mapuloteni ake.

Kumbuyo kwenikweni kuli nembanemba yopyapyala yotchedwa Descemet, ndipo pa iyo pamakhala mzere umodzi wokha wa maselo a endothelium. Maselo amenewa ndi timapampu. Madzi a m'diso amalowerera mu stroma nthawi zonse, ndipo timapamputi timawapopera kunja usana ndi usiku. Munthu wamkulu amakhala ndi maselowa pafupifupi 2,500 pa sikweya milimita imodzi. Vuto lake n'loti akafa sabadwanso ena. Akachepa kwambiri, stroma imamwa madzi n'kutupa, mizere ija imasokonekera, zenera lachita chifunga. Munaonapo diso la mbuzi yophedwa m'mawa mmene limaonekera madzulo? Limachita phulusa. Mapampu aima.

Ndiye matenda a cornea sali amodzi. Ena amaononga stroma: zipsera, komanso keratoconus, pamene cornea imapyapyala n'kutuluka nsonga ngati denga la nkhokwe. Ena amapha mapampu okha, monga matenda a Fuchs, amene amakonda kugwira anthu achikulire. Achimwene ake a mtsikana uja ali ndi keratoconus.

Kuona bwino amayeza bwanji?

Tisanayerekeze njira, tigwirizane za muyezo. Kuchipatala amakuimikani mamita 6 kuchokera pa tchati cha zilembo chimene Herman Snellen wa ku Netherlands anakonza mu 1862. Mukawerenga mzere umene diso labwino limawerenga pa mamita 6, mwapeza 6/6. Zilembo za mzere umenewu ndi zazitali pafupifupi mamilimita 9. Mukapeza 6/12, ndiye kuti chimene mnzanu amachiona ali pa mamita 12, inu mpaka muyandikire pa 6. Pa 6/60 mukuona chilembo chachikulu cha pamwamba chokha.

Koma pambuyo pa opaleshoni pali mafunso enanso. Munthuyo akuona chonchi ndi magalasi kapena opanda? Zamutengera miyezi ingati? Nanga cornea yatsopanoyo ikhala yoonekera zaka zingati thupi lisanaikane? Njira ikhoza kupambana pa funso limodzi n'kugonja pa lina.

PK: kuchotsa zenera lonse

Iyi ndi njira yakale. Pa 7 December 1905, mumzinda wa Olomouc, umene lero uli m'dziko la Czech Republic, dokotala Eduard Zirm anasintha ma cornea a bambo wina amene maso ake onse anapsa ndi laimu. Diso limodzi linakanika, koma linalo linakhala loonekera, ndipo bamboyo anabwerera ku ntchito. Imeneyi ndiyo opaleshoni yoyamba ya mtunduwu imene inayenda bwino mwa munthu. Chimene chimathandiza n'choti cornea yathanzi ilibe mitsempha ya magazi, ndiye chitetezo cha m'thupi sichifulumira kuizindikira kuti ndi mlendo ngati mmene chimachitira ndi impso.

Mu PK dokotala amaboola kabwalo ka mamilimita 7 kapena 8 pakati pa cornea, magawo onse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kenako amaikapo kabwalo kochokera kwa munthu womwalira amene iye kapena abale ake anavomereza kupereka, n'kusoka mozungulira ndi ulusi wa nayiloni wopyapyala kuposa tsitsi, nthawi zambiri misoko 16.

Ubwino wake, pakati pa zenera latsopanolo palibe cholumikiza chilichonse, kuwala kumadutsa bwinobwino. Vuto lili pa msoko. Amene munaonapo akukunga ng'oma mukudziwa kuti chikopa sichikokeka mofanana mbali zonse. Cornea nayo ikakokeka kwambiri mbali imodzi, imakhota mosiyana choimirira ndi chopingasa. Dziyang'anireni kumbuyo kwa supuni: mukaiimika nkhope imatalika, mukaigoneka imatambasuka. Imeneyo ndiyo astigmatism.

Tibwerere ku masamu aja. Tinene kuti msoko wakoka mbali imodzi mpaka radius yachoka pa 7.7 kufika pa 7.0. Kusiyana kwake sikukwana ndi milimita yomwe. Koma 0.376 ÷ 0.0070 ndi pafupifupi 54, pamene mbali inayo ikadali 49. Ma dioptre 5 a astigmatism! Ndipo astigmatism ya ma dioptre 4 kapena 5 si yachilendo pambuyo pa PK. N'chifukwa chake ambiri amafunika magalasi amphamvu kapena contact lens yolimba kuti afike pa mizere yabwino ya tchati. Ulusi umakhala chaka kapena kuposerapo, ndipo maso sakhazikika mpaka utachotsedwa. Chilonda chozunguliracho sichilimbanso ngati kale, moti mpira kapena chibakera chikhoza kuchitsegula ngakhale patapita zaka.

DALK: kusiya mapampu a mwini wake

Mu keratoconus mapampu amakhala abwinobwino. Ndiye n'kuwatayiranji? Mu DALK dokotala amachotsa stroma yodwalayo, n'kusiya nembanemba ya Descemet ndi endothelium ya mwini wake. Kulekanitsa magawo opyapyala chonchi ndi ntchito ya manja osanjenjemera. Mu 2002 madokotala Mohammed Anwar ndi Klaus Teichmann, akugwira ntchito ku Saudi Arabia, anafalitsa njira yobaya mpweya mkati mwa stroma kuti thovu lalikulu likankhe nembanembayo n'kuisiyanitsa. Nembanembayo ikang'ambika kwambiri, dokotala amasintha pompo n'kumaliza ngati PK.

Nanga maso ake? Poti nkhope ya kutsogolo yadulidwabe ndi kusokedwa, astigmatism imakhalapo ngati mu PK. Akatswiri atasonkhanitsa zofufuza zambiri anapeza kuti mzere umene munthu amawerenga atavala magalasi umafanana pa njira ziwirizi, bola stroma yakale ichotsedwe mpaka pansi. Ikatsalira yokhuthala, pamalo pokumana stroma yakale ndi yatsopano pamakhala kachifunga komwaza kuwala, ndipo zikatero PK imaonetsa bwino kuposa DALK.

Phindu la DALK lili pa zaka. Kukana koopsa kwambiri ndi kumene thupi limaukira endothelium ya mlendo, chifukwa maselo aja akafa, afa. Mu DALK mulibe endothelium ya mlendo yoti n'kuukira. Komanso pambuyo pa PK mapampu obwera nawo amapitirira kuchepa chaka ndi chaka mofulumira kuposa a mwini wake. Kwa agogo a zaka 75 mwina si nkhani yaikulu. Kwa mnyamata wa zaka 22 amene akufuna zenera lomufikitsa ku ukalamba, ndi nkhani yaikulu zedi.

DSAEK ndi DMEK: kulowera kukhomo la kumbuyo

Tsopano titembenuze. Bwanji ngati stroma ndi yabwino, ofa ndi mapampu okha? Kwa zaka zambiri anthu oterewa ankawachitabe PK, kugwetsa khoma lonse chifukwa cha pulasitala wa mkati. Dokotala Gerrit Melles wa ku Rotterdam ndiye anatsogolera kusinthaku. Mu 1998 anaonetsa kuti gawo la kumbuyo lokha likhoza kusinthidwa popanda kulisoka, ndipo mu 2006 anafalitsa njira ya DMEK.

Pa njira zonse ziwirizi dokotala amacheka kakhomo kakang'ono m'mphepete, kosapitirira mamilimita 5, n'kusenda nembanemba yodwalayo. Kenako amalowetsa yatsopano ndi kubaya kathovu ka mpweya pansi pake. Wodwala amagona chagada. Mukukumbukira upthrust? Thovu limakwera m'mwamba, n'kukanikiza kachidutswako pamalo pake mpaka mapampu atayamba ntchito ndi kukamatitsa. Palibe msoko wozungulira.

Werengeraninso. Kulakwitsa komwe kuja kwa mamilimita 0.7 kukachitikira kumbuyo, radius n'kuchoka pa 6.8 kufika pa 6.1, mphamvu imachoka pa 5.9 kufika pa 6.6. Sizikukwana ndi dioptre imodzi yomwe. Kutsogolo kunatidyera 5. Chinsinsi cha njira zimenezi n'chimenechi: zimagwira nkhope yofooka, yamphamvuyo osaikhudza. Ndiye astigmatism imakhala yochepa, ndipo munthu amayamba kuona m'masabata kapena miyezi yochepa m'malo mwa chaka.

Kusiyana kwa ziwirizi ndi makhuthalidwe. Mu milimita imodzi muli ma micrometre 1,000. Kachidutswa ka DSAEK kamabwera ndi stroma pang'ono, ndipo kamakhala ma micrometre 100 mpaka 200, kapena kutsikirapo pa mtundu wake wopyapyala. Ka DMEK ndi nembanemba ndi mapampu basi, ma micrometre 10 mpaka 15, kopyapyala kangapo kuposa tsitsi lanu.

Stroma yoonjezera ija ili ndi mtengo wake. Imapanga malo okumanirana amene amamwaza kuwala pang'ono. Siikhala yosalala ndendende. Ndipo poti imakhala yokhuthala m'mphepete kuposa pakati, imagwira ntchito ngati concave lens, n'kuchotsa pafupifupi dioptre imodzi pa mphamvu ya diso. DMEK imangobwezera chimene chinachoka, diso n'kukhala pafupifupi mmene linalili.

Koma kanthu kopyapyala choncho n'kovuta kugwira. Kakangolowa m'madzi kamadzipinda ngati mkeka, ndipo dokotala amakatambasula pogogoda pang'onopang'ono kunja kwa cornea. Kakhoza kung'ambika pokonza, kakhoza kuikidwa chadodolido, ndipo kamamatuka kawirikawiri kuposa ka DSAEK, zimene zimafuna kubayanso thovu lina.

Kuyerekeza mwachilungamo

Mu labu timati sinthani chinthu chimodzi, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Madokotala nawonso amatero. Ngati dokotala apereka DMEK kwa maso osavuta ndi DSAEK kwa maso ovuta, DMEK ipambana ngakhale isanayambe. Ndiye amachita maere kuti diso lililonse ligwere njira iyi kapena iyo.

Kafukufuku wotere wotchedwa DETECT, wa ku America, anatuluka mu 2019. Anatenga maso 50, ena DMEK, ena DSAEK yopyapyala. Patatha chaka, a DMEK ankawerenga pafupifupi mzere umodzi ndi theka kuposa anzawo. Mu 2020 kafukufuku wina wofanana naye wa ku Netherlands sanapeze kusiyana kwenikweni pa avereji, ngakhale kuti amene anafika pa mizere ya pansi kwambiri anali ochuluka ku gulu la DMEK. Mukuona? Zofufuza ziwiri zabwino zikuloza mbali imodzi koma mosiyana mphamvu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'choti maso 50 ndi ochepa. Sayansi imayenda choncho.

Pa nkhani ya kukana, gulu la madokotala ku Indianapolis linafalitsa mu 2012 kuti m'zaka ziwiri zoyamba, mwayi woti thupi liyambe kukana unali 1 pa 100 mu DMEK, 12 pa 100 mu njira ya mtundu wa DSAEK, ndi 18 pa 100 mu PK. Apa sanachite maere, ndiye manambalawa tiwagwire mosamala, koma akugwirizana ndi nzeru yake: mnofu wa mlendo ukachepa, chokwiyitsa chitetezo cha m'thupi chimachepanso.

Zimene ndinamuyankha

Sabata itatha ndinamuitana mtsikana uja, ndipo ndinajambula magawo atatu aja pa bolodi.

"Achimwene ako vuto lili pati?"

"Pa stroma, aphunzitsi."

"Nanga DMEK imasintha chiyani?"

Anayang'ana pa bolodi kanthawi, kenako anaseka. "Mapampu. Koma awo ndi abwino kale."

Eya. Zimene anawerenga si zabodza: pa matenda a mapampu, DMEK ndiyo imakonda kuonetsa bwino ndi mofulumira. Koma kuika DMEK pa keratoconus kuli ngati kusintha batire ya njinga yamoto pamene laphulika ndi tayala. Adokotala aja sanawabisire kanthu. Mpikisano weniweni uli pawiri: PK ndi DALK pa matenda a kutsogolo, DSAEK ndi DMEK pa a kumbuyo. Ndipo PK sinathe ntchito. Chipsera chikadutsa magawo onse, njira ndi yomweyo.

Ndinamupatsa mafunso oti banja lawo likafunse: Kodi chipsera, ngati chilipo, chafika pa nembanemba ya kumbuyo? Mwayesapo contact lens yolimba? Ulusi udzachotsedwa liti, ndipo tizibwera kangati? Mankhwala odontheza a pambuyo pa opaleshoni tiziwapeza kuti? Funso lomalizali musalipeputse. Opaleshoni yabwino kwambiri imaonongeka ngati munthu wasiya mankhwala, kapena wachedwa kubwerera pamene diso lafiira, likuwawa, likuopa kuwala kapena layamba kuchita chifunga.

Kwathu kuno, cornea zambiri zimaonongekera kutsogolo: kubayidwa ndi kamtengo kapena tsamba la chimanga kumunda, zilonda zochedwa kupita nazo kuchipatala, chikuku pamodzi ndi kusowa kwa vitamini A mwa ana, ndi madzi a zitsamba othiridwa m'diso lodwala. Trachoma nayo inachititsa khungu anthu ambiri, ngakhale kuti mu 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathana nayo ngati vuto la dziko lonse. Ndipo ma cornea opereka ndi osowa pa dziko lonse lapansi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 12.7 miliyoni ankadikira, ndipo pa ma cornea 70 ofunika pankapezeka imodzi yokha. Ndiye zenera limene muli naloli lisamaleni. Diso likavulala kapena likafiira ndi kuwawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osathiramo kanthu.

Keratoconus imakonda kuyamba pa msinkhu wanu womwewu, ndipo kutikita maso mwamphamvu kumagwirizana nayo. Ngati maso amakuyabwani nthawi zonse, kapena mukusunthira kutsogolo teremu iliyonse kuti muone pa bolodi, kapena magalasi akutha mphamvu msangamsanga, kayezetseni. Ikapezeka msanga pali chithandizo chotchedwa cross-linking, chogwiritsa ntchito vitamini B2 ndi kuwala kwa ultraviolet, chimene chimalimbitsa stroma kuti nthendayo isapitirire.

Ntchito ya kunyumba, kwa amene mukufuna: cornea ya keratoconus ikhoza kukhala ndi radius ya mamilimita 6.0 pansonga pake. Pezani mphamvu ya nkhope yake ya kutsogolo, muyerekeze ndi 49 uja. Mukapeza yankho, mumvetsa chifukwa chake achimwene aja sankatha kuwerenga chikwangwani cha minibasi mpaka itaima pamaso pawo.